Tisewenzela panyumba, koma sitili chabe

Mu Lusaka muno munthu akakamba kuti "ine nili chabe panyumba," onse amamva kuti alibe nchito. Apa ndiye payambila vuto la ife amene timapanga mikanda, masikiyo na zibangili pa thebulo la m'nyumba. Tilibe shopu pa Cairo Road, tilibe yunifomu, sitithamangila basi ya 6 koloko kupita m'tauni. Choncho kwa aneba, kwa achibale na kwa makasitomala ambili, tili m'gulu la anthu amene akali kuyembekezela nchito yeniyeni, ndipo mikanda ni yotayila chabe nthawi. Kunyozekako tingapilile. Chimene chimatipweteka n'chakuti maganizo amenewa amafika mpaka pa mtengo. Munthu amene aona kuti simusewenza sangalipile nchito yanu. Amafuna kulipila mikanda na waya chabe, ngati kuti zinalumikizana zokha usiku.

Tiyeni tikuuzeni mmene tsiku limayendela, chifukwa ambili a imwe mumangoona chithunzi pa WhatsApp, mkanda utagona bwinobwino pa nsalu yoyela.

Nchito yathu ni ya maso, ndipo maso amafuna kuwala kwa dzuwa. Timikanda tating'ono, tuja tokhala ngati mchenga, sungatusiyanitse bwino pa babu ya m'nyumba. Buluu wakuda na pepo usiku amaoneka chimodzimodzi, ndipo umazindikila kuseni kuti mizele iwili yonse ifunika kumasula. Ndiye chifukwa chake maola abwino kwambili ni a m'mawa mpaka cha m'ma 3 koloko masana, pafupi na windo kapena pakhonde. Koma maola amenewa ndiyenso amene nyumba imawafuna. Madzi akabwela ku pompi ufunika kutunga, ana apite kusukulu, ndiwo ziikidwe pa mbaula. Thebulo limene tisewenzelapo ndilo limene banja lidyelapo nsima, choncho nthawi ya chakudya ikakwana zonse zimalongedwa: mikanda m'tumakontena twa ayisikilimu, aliyense mtundu wake, pulayazi na sizasi m'kabokosi, singano pamalo pamene mwana sangafike. Amene ali na mwana wokwawa adziwa kuti kamkanda kamodzi kakagwa pansi, nchito imaima mpaka kapezeke, chifukwa mwana amakapeza poyamba ndipo amakaika m'kamwa kapena m'mphuno. Timayala thaulo pa thebulo kuti mikanda isagubuduke. Mphepo ya Ogasiti ikaloŵa pa windo na fumbi lake, thaulo nalo silithandiza.

Ndiye pamabwela anthu. Popeza "uli chabe panyumba," ndiwe woyang'anila mwana wa aneba akapita ku Soweto kukaoda tomato. Ndiwe wopelekeza ambuya ku kiliniki. Ndiwe woyembekezela munthu wokonza paipi, amene anati abwela 9 koloko koma afika 14 koloko. Palibe amene angapite ku banki kukauza mlongo wake wa pa kaunta kuti "nisungileko mwana, nibwela manje manje." Ife timauzidwa tsiku lililonse, ndipo ukakana ndiwe wonyada.

Amene timasewenzetsa kopa tili na zina pamwamba pa izi. Waya wa kopa ukamaupinda na kuumenya na hamala umayamba kuuma, ndipo ukaukakamiza umathyoka. Ufunika kuutenthetsa mpaka ufiile pang'ono, kuuviika m'madzi, ndiye umafewanso. Chibangili chimodzi chingafune kuchita zimenezi kangapo. Moto umasiya kopa wakuda, choncho umamutsuka na ndimu na mchele, kumupala na fayilo kumapeto kuti asakande khungu la munthu, kumukwecha na sandipepa, kuyambila yokhakhala mpaka yosalala, ndiye kupukuta mpaka awale. Zala zimakhala na mabala ang'onoang'ono amene ndimu imawapeza onse. Msana na khosi zimayamba kudandaula munthu akali na zaka 25.

Nanga malaiti? Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilalacho ni tsoka la dziko lonse, ndipo chakumapeto kwa chaka madela ambili anali kuona malaiti maola atatu chabe pa tsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Anthu amaganiza kuti wa mikanda safuna malaiti. Kutunga mikanda sikufuna, n'zoona. Koma kamakina kopukutila, kadililo koboolela na guluu wa mfuti zimafuna, ndipo choposa zonse ni foni. Foni ikazima, shopu yatsekedwa.

Theka la nchito ili pa foni, ndipo theka limeneli silioneka. Kujambula mkanda umodzi kuti mtundu wake uoneke mmene ulili kumatenga zithunzi 20. Kuika pa Facebook, pa Instagram, pa TikTok. Kuyankha munthu amene wafunsa "ni zingati?" pansi pa chithunzi cholembedwa kale mtengo. Kutumizila wina zithunzi za mitundu isanu na umodzi, iye n'kuyankha "nizakuuzani," osabwelanso. Ma bando a intaneti amatha pa anthu amene sagula. Ndiye pali tsiku la ku Kamwala, kuzungulila mashopu kufuna mkanda wofanana na umene unatha, n'kupeza kuti wamtunduwo sunabwelenso, ndipo umene ulipo wakwela mtengo chifukwa dola inakwela. Pafupifupi mikanda yonse yagalasi, mahuku a masikiyo na tongowe totsekela zimachoka kunja. Kwacha ikagwa, ife timamva sabata lomwelo. Katundu ukatha kupangidwa ufunika kufika kwa mwini wake: wa njinga yamoto ngati ali mu Lusaka, basi ya pa Intercity ngati ali ku Kitwe kapena ku Chipata.

Manje tiyeni tiŵelenge, chifukwa mkangano wonse uli pa masamu. Manambala aya ni oyelekezela chabe, koma aliyense wa nchitoyi adzawazindikila. Tinene kuti mkanda wa m'khosi wadya K60 pa mikanda, ulusi na chotsekela. Gawo lake la thilansipoti ya ku Kamwala ni K20, la ma bando K10, kathumba na kakhadi K15. Zonse pamodzi K105, munthu asanagwile singano. Kuupanga kwatenga maola asanu. Tauika pa K250. Kasitomala akuti, "Ah, ba sisi, nili na K120 chabe, nichitilenikoni." Tikavomela, yatsala K15. Pa maola asanu, ni K3 pa ola. Mu Januwale 2024, malipilo ochepetsetsa amene lamulo linaikila wanchito wa m'nyumba anali K1,300 pa mwezi, kutanthauza pafupifupi K6 pa ola ngati asewenza maola 48 pa sabata. Tonse timavomeleza kuti ndalama imeneyo ni yochepa, timakamba pa wailesi na pa Facebook kuti munthu sangakhalile moyo pa iyo. Koma kasitomala wa K120 uja afuna kuti wopanga mkanda alandile theka la iyo, ndipo achoka akuona kuti watithandiza.

Ena amati, "Koma simulipila lendi ya shopu." Lendi tilipila, kwa landilodi wa nyumba, ndipo kona ya chipinda imene yadzala na mabokosi ni malo amene banja lataya. Kusakhala na shopu ndiye chifukwa chake mkandawo uli K250. Ukanakhala pa shelefu ku Manda Hill kapena ku East Park, mukanaupeza pamtengo wina, ndipo simukanatsegula pakamwa. Ichi n'chinthu chodabwitsa pa ife anthu a m'tauni. Pa thilu ya mu mall palibe amene amafunsa "last price." Timalipila mwaulemu, na pulasitiki yomwe timagula. Mphamvu zonse zonenelela timazisungila amai a pamsika na mtsikana wa mikanda, anthu amene K20 imasintha chimene adzadya madzulo.

Mfundo imene ili na mphamvu kwambili yotitsutsa ni iyi: "Ku Kamwala masikiyo ni K30, imwe K90, chifukwa chiyani?" Funso ili n'labwino, ndipo sitikwiya nalo. Palibe cholakwa kugula a K30. Ngati mufuna chovala pa pati imodzi, gulani, ife tomwe timagula salaula. Koma dziŵani kuti ni zinthu ziŵili zosiyana. A K30 aja anadindidwa na makina, masauzande pa tsiku, ndipo palibe dzanja la munthu lingapikisane na mtengo umenewo. Kambili golide wake ni utoto wopyapyala umene umasupuka pakapita masabata, ndipo pansi pake pamakhala chitsulo chosakaniza na nickel, chimene chimatupitsa na kuyabwitsa makutu a anthu ambili. Akathyoka mumataya. Kwa ife mungathe kunena kuti makutu anu sagwilizana na chitsulo chakuti, n'kukuikilani mahuku ena. Timapima khosi kapena dzanja lanu, osati la chidole. Timafananitsa mtundu na chitenge chimene mwatumiza. Ulusi ukaduka pakapita chaka, mumadziŵa geti yogogoda. Chimene timakana n'chakuti munthu afune zonsezi pamtengo wa makina.

Pa nkhani ya kopa tionjezeko kamodzi, chifukwa imabwela kaŵilikaŵili. Chibangili cha kopa chikasiya zobiliŵila pa dzanja sikuti mwagulitsidwa feki. Kopa weniweni amachita zimenezo akakumana na thukuta na mafuta odzola. Zimachoka na sopo, ndipo kupaka kyutekisi yoonekela mkati mwa chibangili kumachepetsa.

Nkhongole ndiyo imapha mabizinesi ambili a panyumba kuposa Kamwala. Mlendo amanenelela koma amalipila. Wachibale na mnzako wa kusukulu amatenga. "Nizakupatsa pa month end." Mwezi umatha, umamuona pa chithunzi cha ukwati atavala masikiyo ako, anthu akuyamikila m'munsi, iye akuyankha na tumitima, ndipo meseji yako ya masiku anayi apitawo sanaiyankhe. Ukakumbutsa kachitatu, nkhani imafika kwa amai kuti wayamba kuvutitsa abale chifukwa cha tumikanda. Zoopsa kwambili ni ma oda a kitchen party na chilanga mulilo. Komiti imafuna maseti 12 ofanana, mtundu wa chitenge chimene asankha. Umatenga ndalama ya chilimba kukagula zipangizo, umagona 1 koloko usiku sabata yathunthu. Kwatsala masiku atatu, uthenga umabwela kuti komiti yasintha mtundu, kapena kuti anayi mwa atsikana aja "sanakwanitse." Maseti amtundu wa chitenge cha ukwati wa munthu wina ungagulitse kwa ndani?

Pali chifukwa china chimene tikambila zonsezi, choposa matumba athu. Dziko lino limadziŵa kudandaula kuti chuma chathu chimachoka chosakonzedwa. Ku Lufwanyama kuli Kagem, umodzi mwa migodi ikuluikulu ya emerald padziko lonse, umene 75 pelesenti ni ya kampani ya Gemfields ndipo 25 pelesenti ni ya boma. Mu 2021 kumeneko kunapezeka mwala wa makalati 7,525 umene anautcha Chipembele. Miyala yambili ya kumeneko imagulitsidwa yosasema, ndipo yochuluka imakasemedwa ku Jaipur, ku India. Ku Mapatizya, kum'mwela, kuli amethyst. Ku Lundazi kuli aquamarine na tourmaline. Kopa sitichita kukamba, ali na pa mbendela pomwe. Aliyense wa ife anamvapo wandale kapena mnzake wa pa yunivesiti akukamba kuti tifunika kuleka kugulitsa miyala na kopa wosakonza, tiyambe kupanga zinthu tokha. Tigwilizana nazo. Ku Luanshya kuli ZAMEFA imene imapanga waya na makebo, ku Ndola kuli sukulu yophunzitsa kusema miyala ya mtengo wapatali. Koma kusandutsa waya wa K15 kukhala chibangili cha K150 ndiye kupanga zinthu tokha kumene tikamba, ndipo kuchitika lelo, pa mathebulo a ku Chilenje, ku Matero, ku Kaunda Square na ku Chawama, popanda msonkhano wa ku hotela. N'zovuta kumvetsa munthu amene m'mawa alemba pa Facebook kuti Zambia ibeledwa chifukwa sikonza chuma chake, madzulo auza wopanga chibangili kuti, "Ni waya chabe uyu."

Ndipo luso limeneli si lobweleka. Ku Ingombe Ilede, pafupi na pamene mtsinje wa Lusitu uthila mu Zambezi, anthu okumba malo a thanki ya madzi mu 1960 anapeza manda a anthu amene anakhalako zaka mazana angapo zapitazo. M'mandamo munali mikanda ya golide, mikanda yagalasi yochoka kutsidya kwa nyanja, mitanda ya kopa, zibangili, na zipangizo zachitsulo zokokela waya. Anthu amenewo anali kupanga waya wa kopa na manja, njanji isanafike, Lusaka isanakhaleko. Anaikidwa m'manda pamodzi na zipangizo zawo, pakati pa anthu olemela kwambili a pamalopo. Sitikhulupilila kuti aneba awo anali kunena kuti ali chabe panyumba.

Tionenso mmene zinthu zimasinthila wogula akakhala mlendo. Ku Mfuwe kuli Mulberry Mongoose, kumene azimai amapanga zokongoletsa na waya wa misampha imene oteteza nyama amachotsa m'tchile la South Luangwa. Alendo amagula mosangalala, amapita nazo ku Ulaya na ku America, ndipo ife tikaziona pa intaneti timanyadila kuti ni za ku Zambia. Ni bwino kunyadila, nchito yawo ni yabwino. Pitani pa Sande ku msika wa pa Arcades, kapena tsiku lililonse ku Kabwata Cultural Village pa Burma Road, muone amene amaima nthawi yaitali kufunsa kuti chinthu chinapangidwa bwanji. Kambili ni mlendo. Ife eni dziko timayamba kuona kuti chinthu n'chamtengo chikayamba chakwela ndeke.

Tidziŵa kuti ndalama n'zovuta. Ambili a imwe muli pa sukulu, ena mufunafuna nchito, ena malipilo amatha pa 10. Ife tikhala m'makomboni omwewo, tigula unga pa sitolo imodzimodzi. Sitikamba kuti munthu asiye kugula ndiwo kuti agule masikiyo. Tikamba kuti pali njila yofunsila imene siiba maola a munthu. Nenani kuti, "Nili na K120, mungapange chiyani pa iyo?" Funso limeneli timalikonda. Tingachepetse mizele, tingasewenzetse mikanda ikuluikulu imene imatungika msanga, tingapange kachibangili m'malo mwa mkanda wa m'khosi. Kapena lipilani kaŵili, theka lelo, theka potenga. Zimenezi ni malonda. Koma kuloza chinthu cha maola asanu n'kunena kuti mulipila ola limodzi, uku mukuseka kuti "tithandizane," thandizo lake likupita mbali imodzi.

Imwenso muli na ufulu wofunsa, ndipo funsani, chifukwa pamsika pali anthu amene amaononga dzina la nchitoyi. Pali ogulitsa galasi lapepo n'kulitcha amethyst. Pali otcha chitsulo chopakidwa utoto kuti golide. Pali ooda katundu wa m'fakitale, kumuchotsa m'pulasitiki, n'kulemba kuti wopangidwa na manja. Pali ogula waya wa kopa kwa anyamata osafunsa kumene wachoka, pamene komboni yonse ili mumdima chifukwa makebo anadulidwa usiku. Funsani kuti chitsulo ichi n'chiyani, mwala uyu unachoka kuti, chikaduka mudzakonza kodi. Pemphani kavidiyo ka manja akupanga. Wopanga weniweni amayankha mosavuta, mwina mpaka kukutopetsani, chifukwa palibe chimene timakonda kukamba kuposa ichi.

Chimene chimachitika mitengo ikapitiliza kukanidwa tachiona kwa anzathu ambili. Munthu saleka malonda, amaleka kupanga. Amazindikila kuti kuoda katoni ya masikiyo a m'fakitale n'kuwagulitsa pa K40 kumabweletsa phindu lofanana popanda kupweteka msana, ndipo palibe amene angamuimbe mlandu. Peji yake ya pa Facebook imakhalapo, dzina silisintha, koma pulayazi imachita dzimbili m'kabati. Zimene anaphunzila kwa ambuya ake, mapimidwe a mikanda ya m'chiuno, mfundo imene siimasuka ngakhale munthu asambe nayo chaka chonse, mitundu imene alangizi amafuna pokonzekeletsa mkwatibwi, zimakhala m'mutu mwake osapita kwa wina. Mng'ono wake amene anali kukhala pambali kusankhula mikanda amaphunzila chinthu chimodzi chabe, kuti ndalama ili mu kuoda.

Ndiye mukaona ambili a ife tayamba kulemba pansi pa zithunzi kuti oda iliyonse ifuna theka la ndalama poyamba, pa Airtel Money kapena MoMo, musaone ngati tayamba matama. Theka limenelo ndilo limagula mikanda yanu, kuti isagulidwe na ndalama ya lendi. Maseti a ukwati afuna masabata aŵili, ndipo mtundu wa chitenge ukasintha pambuyo pogula zipangizo, imeneyo ni oda yatsopano. Lamuloli likhudza onse, na ana a amalume omwe. Kuyambila 8 koloko mpaka 15 koloko geti imakhala yokhoma. Tili mkati, tamva kugogoda, koma tili pakati pa mzele wa mikanda 300 ndipo tikaimilila tiyambilanso kuŵelenga.